Kabakha ka Mkuwa

Munthu akafika pa msika wa Kandeu m'nyengo yokolola, aona masikelo ambiri atapachikidwa pa mitengo ndi pa makonde a masitolo. Alimi adza ndi chimanga, nyemba, mtedza ndi nandolo, ena pamutu, ena panjinga, ena pangolo. Thumba likakwera pa sikelo, wogula ndi wogulitsa aleka kulankhula, nayang'ana pamodzi pamene kamuvi kaima. Kanthawi kameneko n'kakafupi, koma m'menemo muli thukuta la chaka chonse. Sikelo ikanama, ana adzagona ndi njala dzinja lisanathe.

Masikelo akale anali a mbale ziwiri. M'mbale imodzi munali kukhala katundu, ndipo m'mbale inayo munali kukhala miyala yoyesera, ya chitsulo kapena ya mkuwa. Achikulire akumbukira miyala yotere m'masitolo a Amwenye, masiku aja mchere ndi shuga zinali kuyesedwa pa mapaundi, ndi ndalama zinali masheleni ndi makobiri, kwacha ndi tambala zisanadze mu 1971. Miyala yambiri ya masiku amenewo inatha ntchito. Ina anthu atsekera nayo zitseko kuti mphepo isazikankhe, ina inatayika m'dzala.

Koma kumaiko ena kuli anthu amene afunafuna miyala yakale yoyesera, naigula pa mtengo waukulu. Sayesera kanthu ndi miyalayo iai. Aindanda pa alumali m'chipinda chochezera, pamodzi ndi mipando, mabokosi, mbale ndi mafano zochokera ku Asia, kuti nyumba ikongole ndi kuti alendo azizwe. Pamenepa pali funso loyenera kuliganizira bwino. Kodi n'kwabwino kutenga chida cha ntchito ya anthu ena, kapena chinthu chawo chopatulika, ndi kuchisandutsa chokometsera nyumba? Nanga mwini chinthu chakale akachigulitsa, kodi wagulitsa chiyani, ndipo chimtsalira n'chiyani?

Funso lotere limveka bwino ndi fanizo. Anthu a m'fanizoli alibe maina, pakuti mlandu wawo ungagwere banja lililonse.

Chuma cha m'sutikesi

M'mudzi wina pafupi ndi Kandeu munali mayi wina wokalamba. Atate ake anali msilikali wa Keyala, mmodzi wa anyamata a Nyasaland amene anaoloka nyanja yamchere pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, kukamenyana ndi Ajapani ku Burma. Mu 1944 asilikali a ku Africa kuno anayenda m'chigwa cha Kabaw pakati pa mvula yosakata, matope ndi malungo, kufikira anafika pa mtsinje wa Chindwin chakumapeto kwa chaka chomwecho. Ambiri sanabwerere. Atate a mayiyu anabwerako ndi moyo, ndipo m'thumba la malaya awo munali kanthu kakang'ono ka mkuwa, kofanana ndi bakha wokhala pa chitsa, kolemera koposa maonekedwe ake.

Msilikaliyo atamwalira, kabakhako kanatsala m'manja mwa mwana wake wamkazi. Iye anakakulunga m'kansalu nakaika pansi pa sutikesi, pamodzi ndi khadi la mpingo ndi chithunzi chimodzi chofwifwa. Kanakhala momwemo zaka zambiri.

Chaka china mdzukulu wake, amene anali kugwira ntchito ku Blantyre, anakajambula ndi foni, naonetsa chithunzicho kwa munthu wina wachuma amene anali kukometsera nyumba yake ya alendo ndi katundu wa ku Asia. Sipanapite masabata awiri, galimoto inaima pabwalo. Mlendo analonjeredwa, anampatsa mpando, ndipo atatembenuza kabakhako m'dzanja lake kawiri katatu, anatchula ndalama zokwanira kugula matumba awiri a feteleza. Mvula inali pafupi, ndi munda wa agogowo unali utatopa.

“Agogo,” anatero mdzukulu uja, “kanthu aka kakhala m'sutikesi chibadwire changa. Sikadyedwa, sikavalidwa. Bwanji osalandira ndalamazi?”

Agogo sanayankhe msanga. Anafunsa mlendo nati, “Bambo, inu mukadziwa kanthu kameneka. Dzina lake n'chiyani, ndipo eni ake anali kuchita nako chiyani?”

Mlendoyo anati, “Mayi, kwa ogula ndi ogulitsa zinthu zakale, aka ndi kamwala koyesera opiyamu.”

Kabakha kanali chiyani?

Owerenga ayenera kudziwa poyamba za kanthu kameneka. Burma ndi dziko la ku Asia, lokhala pakati pa India, China ndi Thailand. Mu 1989 olamulira ake analitcha Myanmar. Kwa zaka mazana ambiri, m'misika ya dzikolo anthu anali kuyesa malonda ndi miyala ya mkuwa yosulidwa m'maonekedwe a nyama. Yambiri inali yofanana ndi mbalame yotchedwa hintha, imene ili ngati bakha kapena tsekwe, ndipo anthu a kumeneko aiyesa yopatulika. Ina inali yofanana ndi chilombo chonga mkango. Ku Thailand ndi ku Laos kunali yofanana ndi njovu.

Kasulidwe kake kanali kotere. Mmisiri anali kuumba kanyamako ndi phula, nakakuta ndi dothi. Dothi litauma, anali kuliotcha kuti phula lisungunuke ndi kutuluka, ndipo m'malo mwa phula anali kuthiramo mkuwa wosungunuka. Mkuwa utazizira, anali kuswa dothi lija, kanyama n'kutuluka. Ntchito yovuta inali yakuti kulemera kwake kukhale kolingana ndi lamulo. Muyeso wawo unali kutchedwa kyat, ndiwo magalamu ngati 16. Ma kyat 100 anali kupanga viss imodzi, imene iposa pang'ono kilogalamu imodzi ndi theka. Wamalonda anali ndi banja lonse la tinyama timeneti, kuyambira kakang'ono konga nyemba kufikira kakakulu kodzaza dzanja.

Miyeso imeneyi inali pansi pa ulamuliro wa mafumu, ndipo yambiri ili ndi chidindo patsinde pake. Odziwa za zinthu izi anena kuti maonekedwe a nyama anali ndi ntchito yake. Munthu wosadziwa kuwerenga anali kuzindikira muyeso wovomerezeka poona mbalameyo. Wonyenga akafuna kupala mkuwa kuti mwala upepuke, chilema chinali kuoneka pa mlomo kapena pa mchira. Ndiponso munthu anali kuchita mantha kunama atagwira mbalame yopatulika m'dzanja. Motero kukongola kwa kabakha kunali mlonda wa chilungamo. Mmisiri anakakongoletsa kuti mkazi wamasiye wogula mchere asaberedwe.

Mu 1885 Angerezi analanda mzinda wa Mandalay, nachotsa mfumu yotsiriza ya Burma, dzina lake Thibaw, naitumiza ku India. Kuyambira pamenepo miyeso ya mafumu inayamba kutha mphamvu, ndi miyala wamba yachitsulo inalowa m'malo mwake pang'onopang'ono. Tinyama ta mkuwa tinasanduka zinthu zakale, ndipo patapita nthawi alendo anayamba kutigula.

Dzina lolemera koposa mwala

Nanga opiyamu n'chiyani? Ndi utomoni wa duwa lina lotchedwa popi. Alimi atema kachibalobalo ka duwalo, utomoni woyera utuluka, ndipo ukauma usanduka woderako. Mu utomoni umenewu achotsamo mankhwala a mofini, amene madokotala apatsa odwala omva ululu woopsa. Koma munthu akausuta chifukwa cha chilakolako, umgwira ukapolo koposa kachasu ndi chamba. Aonda, aleka ntchito, agulitsa za m'nyumba, ndipo potsiriza sasamalanso ana ake.

Mbiri ya malonda ake njomvetsa chisoni. Kampani ya Angerezi yotchedwa East India Company inali kulimitsa popi ku India, ndipo amalonda anali kunyamula opiyamu kunka naye ku China, kuti apeze siliva wogulira tiyi. Boma la China linaletsa malondawo, koma iwo sanaleke. Mu 1839 nduna ya mfumu ya China, Lin Zexu, inalanda mabokosi a opiyamu oposa 20,000 niwawononga. Angerezi anayankha ndi zombo zankhondo. Nkhondoyo inatha mu 1842, China atagonja, ndipo chilumba cha Hong Kong chinaperekedwa kwa Angerezi. Chinabwerera ku China mu 1997. Mtundu waukulu unakakamizidwa ndi mfuti kuti ulandire chinthu chopha ana ake.

Tsono kodi kabakha ka mkuwa kali ndi mbali yanji m'mbiri imeneyi? Mbali yake njochepa. Inde, kumapiri kumene Burma, Laos ndi Thailand akumana, alimi a popi anali kuyesa opiyamu ndi timiyala tating'ono totere. Koma miyala yambiri inali ya msika wa masiku onse. Inali kuyesa siliva, mankhwala, zokometsera ndiwo ndi zakudya. Dzina lakuti mwala wa opiyamu linafala pakati pa alendo ndi ogulitsa zinthu zakale, pakuti limveka lachinsinsi ndi lochititsa nthumanzi, ndipo chinthu cha dzina lotere chigulidwa msanga. Pamwamba pa izi, amisiri ena asula tinyama tatsopano, natidetsa kuti tioneke takale, natigulitsa kwa osadziwa.

Apa pali chodabwitsa. Kanthu kamene kanapangidwa kuti kaletse bodza pa malonda, kagulitsidwa ndi dzina lokokomeza. Wogulitsa wotere afanana ndi munthu woika chala pa mbale ya sikelo. Ndipo wogula amene akondwera ndi dzinalo achita chinthu china chosayenera: atenga tsoka la anthu miyandamiyanda nalisandutsa nthano yosangalatsa alendo pa chakudya chamadzulo. Akuluakulu anati, chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Iye amene aika mkuyu pagome ayenera kudziwa za nyererezo, ndipo asaseke nazo.

Kukonda zakutali si mlandu

Wina angafulumire kuweruza kuti kukonda katundu wa maiko akutali ndi matenda a anthu achuma a masiku ano. Kutero ndi kulakwa. Kumpoto kwa Kandeu, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kuli malo otchedwa Mankhamba, kumene kunali likulu la Kalonga, mfumu ya Amaravi. Katswiri wofukula zakale, Yusuf Juwayeyi, anakumba pamalopo napeza mikanda yagalasi yochuluka yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zinthu za mkuwa, minyanga ya njovu, ndi mapale a mbale zadothi zopangidwa ku China. Zimene anapeza anazilemba m'buku limene linatuluka mu 2020. Ndiko kunena kuti zaka mazana anayi kapena asanu zapitazo, makolo a dziko lino anali kale kukometsera matupi awo ndi nyumba zawo ndi zinthu za ku Asia.

Diso la munthu likondwera ndi ntchito yabwino ya manja, ngakhale mmisiri wake ali wa mtundu wina. Bokosi la matabwa a tiki losemedwa maluwa ndi mmisiri wa ku Mandalay liyenera ulemu womwewo umene anthu apatsa mpando wa mbawa kapena mtondo wa mlombwa wosemedwa bwino kwawo kuno. Munthu woyamikira luso la mtundu wina wayamba kuuona mtunduwo ngati anthu anzake. Pamenepo palibe choipa.

Koma mbiri ya dziko lomwe lino ichenjeza za mtengo wa zokometsera. Poyamba mikanda ndi nsalu zinali kugulidwa ndi minyanga. M'zaka za m'ma 1800 zinafika pogulidwa ndi anthu. Amuna, akazi ndi ana anamangidwa magoli, naoloka nyanja pa Nkhotakota ndi pa madooko ena, kunka ku Kilwa ndi ku Zanzibar. Mkanda unali wokongola ndithu pakhosi la wouvala, koma m'mudzi wina munali mayi wolira mwana wake. Chifukwa chake funso loyamba pa chinthu chilichonse chokongola ndi ili: chinachoka bwanji m'manja mwa mwini wake woyamba?

Mlandu wa mbali ziwiri

Osonkhanitsa zinthu zakale ali ndi mawu awo odzikanira, ndipo mawuwo ayenera kumvedwa, pakuti mfumu yabwino siweruza itamva mbali imodzi. Iwo ati: “Zinthu izi eni ake anazitaya. Tikadapanda ife, zikadasungunulidwa, kapena kudyedwa ndi chiswe, kapena kupsa ndi moto.” M'mawu amenewa muli zoona. Angerezi atalanda Mandalay, anatenga mpando wina waufumu wotchedwa Mpando wa Mkango, nakausunga ku Calcutta m'dziko la India. Mu 1945, nkhondo ili m'kati, nyumba yachifumu ya Mandalay inapsa, pamodzi ndi mipando imene inatsala m'menemo. Uja wotengedwa ndiwo unapulumuka.

Koma nkhaniyo siithera pomwepo. Burma atalandira ufulu mu 1948, mpandowo unabwezedwa, ndipo unakaikidwa m'nyumba yosungiramo zakale mu mzinda wa Yangon. Zida zina zaufumu zimene zinali ku London zinabwezedwa mu 1964. Apa pali phunziro lomveka kwa munthu aliyense wa kumudzi. Mnansi amene atulutsa mbuzi m'khola loyaka moto achita bwino. Koma moto ukazima, mbuziyo ikadali ya mwini khola. Kusunga chinthu sikusandutsa munthu mwini wake.

Ndiponso pali zinthu zina zimene sizinatayidwe konse, koma zinachita kubedwa chifukwa ogula analipo. M'zaka za nkhondo ku Cambodia, akuba anadula mafano amiyala m'nyumba zakale zopembedzeramo, nasiya mapazi okha pa maziko, matupi ndi mitu n'kukagulitsa kunja. Mu 2013 nyumba yaikulu yosungiramo zaluso ku New York, ya Metropolitan Museum of Art, inabweza mafano awiri otere. Mutu wa fano umene munthu auika pa alumali kuti ukometsere chipinda, mwina unali pamalo pamene anthu anali kugwada ndi kupereka nsembe zawo. Mchewa aganize za chinyau cha kudambwe chitapachikidwa m'chipinda chomwera mowa, ndipo adzamva chimene anthu ajawo amva. Chifukwa cha zotere, mu 1970 maiko a m'bungwe la UNESCO anapangana za kuletsa malonda a zinthu zakale zotuluka m'dziko mwakuba.

Njira yabwino ioneka pafupi pomwepa, ku Mua, kumene Bambo Claude Boucher anayambitsa malo a Kungoni mu 1976. M'nyumba yosungiramo zakale ya kumeneko muli zinthu za Achewa, Angoni ndi Ayao, ndipo zisungidwa pamodzi ndi maina ake ndi matanthauzo ake. Mlendo atuluka m'menemo atadziwa kanthu za anthu amene anazipanga. Chinthu chosungidwa ndi mbiri yake chiphunzitsa. Chinthu cholekanitsidwa ndi mbiri yake chili ngati mlendo amene wafika m'mudzi, anthu n'kuyamikira malaya ake, koma wopanda womfunsa dzina kapena kwawo.

Chala chiloza mwini

Kunena za zolakwa za anthu achuma n'kosavuta. Chovuta ndi chimene chinachitika pabwalo paja mlendo atatha kufotokoza.

Agogo anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anati kwa mdzukulu wawo, “Mwanawe, pamudzi pano anthu adziwa kuti atate anagula kanthu aka kwa mayi wina wa pamsika, posinthana ndi chitini cha nyama. Umo ndimo anali kunenera pa mowa. Koma atadwala matenda awo otsiriza, anandiitana nandiuza zina. Anati anafika pamudzi wina eni ake atathawa nkhondo. M'kanyumba kena kogumuka anapeza sikelo yothyoka ndi tinyama timeneti titamwazika pansi. Anatola kamodzi naponya m'thumba. Anati masiku onse a moyo wawo anali kuganiza za mwini sikeloyo, ngati anabwerera, ndipo ngati anapeza banja la miyala yake litaperewera kamodzi.”

Mdzukulu anati, “Koma agogo, imeneyo inali nkhondo. Ndani angawatsutse?”

“Palibe awatsutsa,” anatero agogo. “Anali mnyamata, kutali ndi kwawo, imfa ili kumtsata pambuyo. Koma iwo eni sanafune kufa ndi bodza m'kamwa. Tsono ine ndingagulitse bwanji kanthuka ndi bodza lina pamwamba pake?”

Mawu a agogowa afika pamtima pa nkhani yonse. Banja losauka la ku Kandeu ndi munthu wachuma wa ku Blantyre anapezeka ali pa mlandu umodzi, pakuti onse anali kugwira chinthu cha mwini wina. Mwini sikelo uja sangapezekenso. Iye ndi msilikali onse anapita. Kubweza sikutheka. Koma pamene kubweza chinthu kwalephereka, chitsalira chinthu chimodzi chimene munthu angabweze, ndicho choonadi. Anganene poyera kuti chinthu ichi chinali cha yani, chinagwira ntchito yanji, ndipo chinafika bwanji kuno. Ngongole imeneyi ili pa aliyense wosunga chinthu chakale, wolemera ndi wosauka yemwe.

Chimene sichigulitsidwa

Ali m'kati mokambirana, maso a mlendo anagwa pa chishango cha chikopa cha ng'ombe ndi chibonga chakuda ndi ukalamba, zimene zinali kutsamira chipupa m'nyumbamo. Iye anati, “Mayi, izinso ndingazigule. Zingakhale bwino pa khoma la chipinda chodyera.”

Agogo anaseka pang'ono nati, “Pepani bambo, zimenezo si zanga. Ine ndingozisunga. Chibongacho chinali cha agogo awo a atate. Chishangocho anyamata a mbumba ino avina nacho ngoma pakagwa maliro a munthu wamkulu. Ndikagulitsa, ndidzawauza chiyani amalume awo a ana awa? Ndipo ana amene sanabadwe ndidzawafunsa kuti?”

Apa agogo anasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu ambiri azisokoneza. Pali chinthu chimene ntchito yake inatha, ndipo chili m'manja mwa munthu mmodzi. Pali china chimene chikali ndi moyo pakati pa anthu ake. Angoni a kwa Gomani analeka nkhondo kalekale. Inkosi Gomani woyamba anaphedwa ndi asilikali a boma la Angerezi mu 1896. Koma chishango sichinafe pamodzi ndi nkhondo. Chinalowa m'bwalo la ngoma, ndipo m'menemo chikumbutsa ana kumene makolo awo anachokera. Chinthu chotere chili ngati manda a pamudzi: aliyense ali ndi gawo pamenepo, koma palibe mmodzi angawagulitse. Munthu amene agulitsa chotere mobisa, chifukwa iye ndiye asunga kiyi wa nyumba, wagulitsa za eni ake, ngakhale wogula atalipira mtengo wokwanira.

Wogula nayenso ali ndi udindo. Njala ipangitsa munthu kuvomera chimene mtima wake ukana. Iye amene adikira mwezi wa njala kuti akagule chuma cha makolo a anzake pa mtengo wa thumba la chimanga, sangadzitamande kuti panali kugwirizana. Sikelo ya malonda otere yapendekeka isanayambe kuyesa.

Kalata ya kabakha

Potsiriza agogo anavomera kugulitsa kabakha. Munda unali kufuna feteleza, ndipo m'nyumbamo munali ana amasiye awiri ofuna kudya. Palibe munthu wanzeru angawanyoze chifukwa cha ichi, pakuti mkuwa sungapose mwana. Koma anaika pangano limodzi. Anatuma mdzukulu kukatenga kope ndi cholembera, namuuza kuti alembe mawu awa pa mapepala awiri:

“Uwu ndi mwala woyesera malonda wa ku Burma. Mwini wake anali wamalonda wa m'mudzi wina umene anthu anathawamo pa nkhondo. Dzina lake silidziwika. Msilikali wa Keyala wa ku Ntcheu anautola mu 1944, nausunga kufikira imfa yake, ndipo sanamuiwale mwini wake.”

Mlendo anawerenga, nati, “Mayi, bwanji za opiyamu simunalembe? Alendo anga akonda kumva zimenezo.”

Agogo anati, “Kodi inu munaona kuti kanayesa opiyamu?”

“Iai, sindinaone.”

“Inenso sindinaone. Tilembe chimene tidziwa.”

Mlendoyo anali munthu wa ulemu. Anaganiza pang'ono, napinda pepala limodzi naliika m'thumba pamodzi ndi kabakha, nalonjeza kuti lidzakhala pambali pake pa alumali. Pepala linalo agogo analibweza m'kansalu kaja, pansi pa sutikesi, pamene panali kukhala kabakha. Mkuwa unapita ku Blantyre, koma mbiri ya msilikali inatsala m'banja, ndipo tsopano inali yolembedwa, yosadaliranso mtima wa nkhalamba imodzi.

Yankho la funso lija

Tsono kodi n'kwabwino kusonkhanitsa zinthu zakale za mitundu ina ndi kukometsera nazo nyumba? Yankho ndi lakuti n'kololeka, ndipo nthawi zina n'kothandiza, ngati chinthucho sichinalandidwe kwa anthu amene akali kuchifuna, ndipo ngati wochisunga anena zoona za icho. Munthu wogula chinthu chakale wagula mkuwa kapena thabwa, koma mbiri yake sanaigule, wangoisenza. Alibe ufulu wakuikometsera, kapena kuichepetsa, kapena kuibisa. Mwini wake weniweni akapezeka, woona mtima abweza.

Owerenga ambiri a kabuku aka sadzagula konse mpando wa ku Asia. Komabe nkhaniyi iwakhudza m'njira ziwiri. M'nyumba zambiri za m'boma la Ntcheu muli zinthu zakale: mendulo ya nkhondo, mkondo, chipanda chosemedwa, mikanda ya agogo, chiphaso cha ku Joni. Amene aphunzira kulemba tsopano ali ndi mphamvu imene makolo awo analibe. Akhale pansi ndi okalamba akali moyo, afunse za chinthu chilichonse, nalembe mwini wake, chaka chake ndi njira imene chinadzera, osasiya mbali zochititsa manyazi. Mawu a akuluakulu akoma akagonera, koma agonera bwino pa pepala.

Njira yachiwiri ili pa msika. Masikelo a lero alibe mbalame yopatulika yowalondera. A bungwe la Malawi Bureau of Standards ali ndi ntchito yoyesa masikelo a malonda, koma sangaime pambali pa thumba lililonse. Mlonda wotsala ndiye mtima wa wogwira sikelo, ndi maso a mlimi wodziwa kuwerenga manambala. Wogula amene apotoza sikelo, ndi mlimi amene athira mchenga pansi pa thumba la nyemba, onse achita chimene mmisiri wa ku Burma anafuna kuletsa pamene anaumba kabakha kake ndi phula. Munthu angadzaze nyumba yake ndi miyeso yakale yokongola ya maiko onse. Koma anansi ake adzamuyesa ndi sikelo imene agwiritsa ntchito pa tsiku la msika.